Akabwera ndi Kamera ku Khola la Akavalo

Mlangizi wina wa zachitukuko wa ku Selous, pamsewu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu, wandilembera kalata. Akuti eni akavalo pafamu ina akufuna kujambula kanema wolengeza ntchito yawo yothandiza achinyamata pogwiritsa ntchito ziwetozi. Amupempha kuti asonkhanitse ana a pakomboni ndiponso azimasulira m'Chichewa, pakuti m'mafamu ndi m'migodi ya ku Chegutu, Chakari ndi Kadoma muli zidzukulu zambiri za anthu amene adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Funso lake n'lakuti: kodi avomere?

Yankho langa n'lakuti avomere, koma akhale maso.

Ntchito imeneyi si yachilendo. Mayi wina wa ku Denmark, Lis Hartel, adadwala poliyo mu 1944, miyendo yake n'kufa kuyambira m'mawondo. Komabe mu 1952 adapata mendulo yasiliva pa mpikisano wa akavalo ku Olimpiki ya ku Helsinki. Mbiri yake idalimbikitsa ambiri, ndipo mu 1969 ku Britain kudakhazikitsidwa bungwe la Riding for the Disabled Association. Ku Bulawayo nako kudayamba ntchito ya Healing with Horses yothandiza ana olumala.

Chinsinsi chake mlimi aliyense angachimvetse. Kavalo akamayenda pang'onopang'ono, amagwedeza chiuno cha womukwera mofanana ndi m'mene chimagwedezekera munthu akamayenda, motero minofu ya msana ndi ya m'mimba imalimba. Palinso njira ina imene mwana sakwera n'komwe, amangoyenda ndi kavaloyo, kumupesa ndi kumutsogolera. Kavalo ndi nyama yamantha. Ukamudzidzimutsa kapena kumukalipira, amakuthawa. Ukaugwira mtima, amakutsatira. Mnyamata waukali amaona yekha zotsatira za ukali wake popanda womudzudzula. Amene adaphunzitsapo ng'ombe goli kapena bulu ngolo akudziwa kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kanema wolengeza malonda ali ndi njala yakeyake. Amafuna misozi koyamba, kumwetulira kothera, zonse m'mphindi zochepa. Apa m'pamene mlangizi ayenera kuima nji.

Choyamba, kanemayo asalonjeze machiritso. Lis Hartel yemweyo sadachire poliyo. Ngakhale pa tsiku la mendulo adachita kumuthandiza kutsika pakavalo. Kholo limene laona mwana wolumala akuseka pakanema likhoza kusiya kupita naye kuchipatala poganiza kuti mankhwala apezeka kukhola. Mawu a m'kanemamo anene poyera kuti akavalo amangothandizira, salowa m'malo mwa dokotala kapena sukulu.

Chachiwiri, chilolezo chikhale chenicheni. Kholo logwira ntchito pafamu silingakane msanga pempho la bwana amene limakhala m'nyumba yake. Choncho mlangizi akambirane ndi makolo paokha, m'chinenero chawo, bwana kulibe. Awafotokozere kuti chimene chalowa pa Facebook kapena pa WhatsApp sichibwerera, ndipo kuti wokana sadzataya ntchito kapena malo a mwana wake. Mwanayonso afunsidwe. Nkhani ya umasiye, matenda kapena nkhanza zimene adakumana nazo isatchulidwe pamodzi ndi dzina ndi nkhope yake, chifukwa iye adzakula, koma kanemayo adzakhalapobe.

Chachitatu, kamera isapeputse chitetezo. Kavalo saona bwino chimene chili kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo akadzidzimuka amaponya mwendo. Wojambula asaimike ana kumeneko pofuna chithunzi chokongola. Mwana asavule chipewa cholimba chodzitetezera kuti nkhope ioneke. Ngati dzuwa lakula, ana ndi akavalo omwe apume.

Chotsiriza ndi chimene ambiri amaiwala. Pakhola lililonse pali munthu wolawirira m'mamawa kukapala ndowe, kutunga madzi, kuchotsa nkhupakupa ndi kulowetsa akavalo m'nyumba yawo dzuwa lisanalowe m'nyengo ya mvula, powateteza ku tizilombo touluka tofalitsa nthenda yoopsa ya akavalo. Iyeyo ndiye amadziwa kavalo wofatsa woyenera mwana wamantha, ndipo ndiye amagwira chingwe pamene ena akujambulidwa. Alankhule m'kanemamo, m'chinenero chake, dzina lake lilembedwe ngati wavomera. Mwana wa pakomboni akaona bambo wa nyumba yoyandikana akulemekezedwa monga katswiri, waphunzira kanthu kena kamene kavalo sangamuphunzitse.

Kanemayo akatha kukonzedwa, ayambe kuonetsedwa kwa makolo ndi ana omwewo asanapite kwa opereka thandizo. Akanena kuti chakuti chichotsedwe, chichotsedwe. Ngati eni akavalo akana mfundo zimenezi, mlangizi abweze pempholo mwaulemu, pokumbukira kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Akavomera, asonkhanitse anawo ndi mtima woyera.