Anyamata a Malaya Oyera Aja Si Anamapopa

Lolemba lapitali ndinali pa Tsoka kusaka nsapato za kaunjika. Ndili mkati monenerera mtengo, ndinangoona anyamata awiri akutsika pa kamlatho kamitengo kaja: malaya oyera, tayi, kachikwangwani kakuda pachifuwa. Wina mzungu wofiira ndi dzuwa, mnzake wakuda ngati ine ndemwe. Mayi wina pafupi nane anakokera mwana wake kumbuyo n'kunong'ona kuti ndi asatana amenewo. Mnzake n'kuonjezera kuti ayi, ndi aja opopa magazi.

Ine zinandikhudza. Ndinawatsatira anyamatawo, ndipo tinacheza pa mthunzi cha ku Malangalanga mpaka nsapato ndinaziiwala.

Mpingo wawo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza. Anauyambitsa Joseph Smith ku America m'chaka cha 1830, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City, m'chigawo cha Utah. Anthu timangoti a Mormon chifukwa cha buku lomwe amawerenga pamodzi ndi Baibulo, ngakhale mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti dzinali lisiyidwe. Ndipo inu amene mumadabwa kuti bwanji onse dzina ndi Elder, limenelo si dzina ayi. Ndi udindo, kutanthauza mkulu wa mpingo. Mkulu wake wopanda ndi ndevu zomwe!

Kuyambira mu 2012 mnyamata amatha kutumidwa ali ndi zaka 18 zokha. Dziko sasankha yekha, amangolandira kalata yoti upita kwakuti. Amakhala kumeneko zaka ziwiri, atsikana miyezi 18. Malipiro palibe. Ndalama zodyera zimachokera m'thumba mwake, kwa makolo, kapena ku chopereka cha akhristu anzake. Amalawirira kudzuka, kupemphera, kuwerenga, kenako ulendo wapansi. Sayenda yekha, mnzakeyo amakhala naye usana ndi usiku, kaya akugwirizana kaya sakugwirizana. Chibwenzi ayi, mowa ayi, fodya ayi, ngakhale tiyi ndi khofi. Ndiye inu amayi a tiyi pa depoti, akakukanirani kapu musati ndi matama.

Mzungu uja anandiuza kuti sabata zoyamba nsima inkamuotcha zala, ndipo usiku ankalira mwakachetechete kufuna mayi ake. Akuti mwayi wake ndi woti kuyambira mu 2019 amaloledwa kuimba foni kwawo kamodzi pa sabata. Kale inali kawiri kokha pa chaka. Mnzake wakudayo anaseka n'kunena kuti ku Area 10 ndi 43 amangolankhula ndi geti, galu ndi mlonda, pomwe ku Mchesi ndi ku Kawale munthu wosauka amawayalira mphasa asanafunse n'komwe kuti abwera ndi chiyani.

Musaganize kuti ndabatizidwa. Ine mpingo wanga ndili nawo, ndipo mafunso olimba ndinawafunsa. Nanga za mitala? Mpingowo unalengeza zoisiya mu 1890. Nanga n'zoona kuti munthu wakuda sankaloledwa kukhala wansembe? N'zoona, lamulolo linachotsedwa mu 1978. Wakuda uja anayamba wakhala chete, kenako n'kuti nkhaniyi inamuvutapo mumtima asanabwere kuno. Sanandibisire, ndipo pamenepo ndinamulemekeza. Inunso afunseni zomwezi. Afunseni za chakhumi, za buku lawolo, tsutsanani nawo mpaka dzuwa lipendeke. Mukapanda kukhutira, auzeni kuti zikomo, pitani bwino. Basi.

Chimene ndikukana ine ndi mphekesera. Mwaiwala za 2017? Ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anthu anaphedwa ndi magulu olusa chifukwa choganiziridwa kuti ndi anamapopa. Zinayamba chimodzimodzi, ndi kunong'ona kwa pa benchi. Ndipo akuluakulu akukumbukira za Mboni za Yehova, zomwe zinaletsedwa mu 1967. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Pamene tinkavotera matipate pa 14 June chaka chimenecho, tinkavoteranso ufulu woti aliyense apemphere m'mene akufunira, ngakhale amene pemphero lake sitikulimvetsa.

Komanso taganizani za ana athu omwe ali ku Joni. Ndani mumsika muno alibe mbale ku Johannesburg kapena ku Durban? Mu 2008 ndi 2015 anathamangitsidwa ngati agalu, mlandu wake kungokhala alendo. Tinalira tonse powaona akutsika mabasi chimanjamanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono akadzafika pa benchi yanu anyamatawa, agulitseni matimati pa mtengo womwe mumagulitsa tonsefe, osati wa azungu. Uthenga wawo mutha kuukana, palibe angakumangeni. Koma kumbukirani kuti kwinakwake kuli mayi amene akuwerenga masiku, kudikira kuti mwana wake abwerere wamoyo.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.