Mamina si chifukwa cholekera sukulu

Tikulandira makalata ochokera kwa makolo amene akudandaula kuti chiyambireni sukulu ya mkombaphala, ana awo mamina sakuuma pamphuno. Ena afika powaleketsa sukulu.

Ife tikuti makolo, mtima m'malo. Mwana wamng'ono amatha kudwala chimfine ka 6 ngakhale ka 8 pachaka, ndipo ana akasonkhana amapatsirana msanga, makamaka kukazizira mu June ndi July. Kawirikawiri chimfine chimatha chokha pasanathe masabata awiri. Bactrim wa pagolosale uja sachiza chimfine, n'kungotaya ndalama.

Choopsa ndi chibayo. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma mothamanga, kufika ka 40 pa mphindi imodzi, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala. Thupi likatentha, akamuyeze malungo.

Inu abusa ndi akuluampingo, zambiri mwa sukuluzi zikuchitikira m'matchalitchi mwanu. Tsegulani mazenera, ikani madzi ndi sopo pakhomo. Nako kansalu kamodzi kaja kopukutira mphuno za ana onse, katayidwe lero lomwe.