Sitroko siyembekezela kuti kuce

Munthu akadwala sitroko m'makomboni mwathu, cizolowezi cathu n'cimodzi. Timam'goneka, timam'sisita dzanja na mafuta, timaitana abusa, kenako timati, "Tione mmene aukile mailo." Timacita zimenezi cifukwa comukonda, koma usiku umenewo ni umene umam'lemalitsa.

Sitroko zambili zimacitika magazi akaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Mbali imene yasowa magazi imayamba kufa. Mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mineti iliyonse. Koma m'mbali mwa malo akufawo mumakhala maselo ena amene afooka cabe. Magazi akayambanso kuyenda mwamsanga, maselo amenewa amatsitsimuka.

Apa m'pamene pamabwela mankhwala ocedwa alteplase. Madokotala amawalowetsa mumtsempha pa dilipu kuti asungunule magazi oundanawo. Dziko la America linawavomeleza mu 1996, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambili. Saukitsa maselo amene afa kale, amangopulumutsa otsalawo. Kwa wodwala, izi zingatanthauze kukambanso bwino, kugwila supuni yekha na kubwelela ku nchito.

Vuto ni nthawi. Mankhwalawa amafunika kupelekedwa pasanathe maola anayi na hafu kucokela pamene zizindikilo zayamba. Ndiponso wodwala ayenela kuyamba wajambulidwa mutu pa makina a CT, cifukwa sitroko ina imabwela mtsempha ukaphulika, ndipo pamenepo mankhwalawa angaphe. Ngakhale kwa oyenelela, pafupifupi 6 pa anthu 100 alionse amataya magazi mu ubongo. Ndiye cifukwa cake sitiyenela kupatsa wodwala aspirin kunyumba tisanadziwe mtundu wa sitroko yake.

Ena adzati, "Mankhwalawo ni odula ndipo sapezeka m'zipatala zambili, nanga tithamangilenji?" Zoona ni odula. Koma ngakhale popanda iwo, ku cipatala amapima BP na shuga, amaona ngati wodwala akwanitsa kumeza kuti phala lisapite ku mapapu, na kumuyambitsa mafizo. M'miyezi itatu yoyambilila ubongo umaphunzilanso zinthu mofulumila kwambili. Komanso, ngati tonse tifika patapita masiku awili, tidzauza bwanji Unduna wa Zaumoyo na NHIMA kuti atigulile mankhwala a maola anayi? Tiwafunse mankhwalawo na makina a CT amene aseŵenza usana na usiku, koma nafenso tizifika pa nthawi yake.

Nchito imeneyi ni yathu ise acinyamata. Ndise tili na mafoni, ndise tidziwa kuitana taxi pakati pa usiku. Tikaona pakamwa pa amayi papotoka, dzanja limodzi lagwa, kapena mau sakumveka, tiyang'ane nthawi pa foni na kuilemba, cifukwa dokotala adzaifunsa. Tisawapatse madzi kapena cakudya. Tiwatengele ku cipatala cacikulu, monga UTH kwa ife a mu Lusaka, ngakhale zizindikilo zitatha zokha. Abusa angatipeze kumeneko, ndipo acibululu tidzawatumila foni tili m'njila.