Maola atatu a ku Johannesburg ndi mtengo wa chimanga chathu

Nyengo yokolola ikafika, ogula ena amene amayendayenda ndi masikelo m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga amakonda kunena kuti mtengo wagwa ku Joni. Msika umene akunenawo ulipodi, ndipo mlimi ayenera kudziwa nthawi imene umagwira ntchito.

Dzina lake ndi Johannesburg Stock Exchange, mwachidule JSE, msika waukulu koposa wa masheya mu Africa. Unakhazikitsidwa pa 8 Novembala 1887, patangotha chaka golide atapezeka m'derali, kuti eni migodi azipezerapo ndalama. M'migodi yomweyo ndi mmene azigogo athu ambiri ankapita kukagwira ntchito. Malonda ochita kufuula anatha mu 1996, zonse zinapita pa kompyuta, ndipo mu 2001 JSE inagula Safex, msika umene unkagulitsa kale chimanga ndi tirigu.

Masheya amagulitsidwa kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Koma mbali ya mbewu, imene ikutikhudza ife, imatseka 12 koloko masana. Ndi maola atatu okha, ndipo nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu. Choncho wogula akakuuzani Loweruka kuti mtengo wagwa lero ku Joni, dziwani kuti msikawo unatseka dzulo masana.

Umatsekanso pa maholide a dzikolo, osati athu: 1 Januwale, 21 Marichi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka, 27 Epulo, 1 Meyi, 16 Juni, 9 Ogasiti, 24 Sepitembala, komanso 16, 25 ndi 26 Disembala. Holide ikagwa Lamlungu, amapuma Lolemba. Pa 25 Juni, ife tikukondwerera ufulu wa dziko lathu, kumeneko malonda amachitika ngati tsikulo lili la mkati mwa sabata.

Pamsikawu palibe amene amabwera ndi thumba. Amagulitsana mapangano a matani 100 a chimanga choti chidzaperekedwe mwezi wakutiwakuti, ndipo mtengo wake, wa marandi pa tani, umawerengeredwa ngati chimangacho chili ku Randfontein, kufupi ndi Johannesburg. Mukafuna mtengo wa thumba la makilogalamu 50, gawani ndi 20, kenaka musinthe kukhala meticais.

Kodi mtengo umenewu ndi wa ku Ulongwe? Ayi. Chimanga cha kuno chimatsatira kwambiri njala kapena zokolola za ku Malawi, kudzera m'misika ya m'malire ngati Lizulu, kuposa za ku Randfontein. Amene amamva msanga kusintha kwa Safex ndi a zigayo za ku Maputo, poti amaitanitsa chimanga ku South Africa. Komabe chilala chikagwa m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa, mitengoyi imayendera limodzi. Mu Januwale 2016, nthawi ya El Niño, chimanga choyera chinapitirira marandi 5,000 pa tani, ndipo amene anali atagulitsa chonse atangokolola anadzagulanso modula.

Ndiye phindu la msikawu kwa mlimi wa kuno lili pa kuona kumene mtengo ukulowera kwa milungu ingapo, osati wa tsiku limodzi. Ngati mtengo wa chimanga chodzaperekedwa mu Disembala uli pamwamba kwambiri kuposa wa Julaye, ndiye kuti amalonda akuluakulu akuyembekezera kuti chidzadula. Amene ali ndi nkhokwe yabwino ndi mankhwala a anankafumbwe angachite bwino kusungako matumba ena.