Kaseti ya Achimwene

Sabata yathayi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene wagonera zaka zisanu ku Johannesburg, ananditumizira mawu pa WhatsApp ondipempha chinthu chimene poyamba ndinachiyesa chopepuka, koma chimene chandilanda tulo mausiku anayi. Anati, "Amalume, kuno makutu atopa ndi za eni dziko, tandisankhireniko nyimbo zakwathu, zomwe inuyo munkazikonda pa unyamata wanu." M'mawa mwake ndinapita kumsika, kwa mnyamata uja wokhala m'kakhumbi ndi kompyuta yake, amene ntchito yake ndi kuthira nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi a anthu, ndipo iye, atamva chimene ndadzera, anaseka nati, "Madala, musavutike ndi kusankha, bweretsani memore khadi ndikudzazireni zonse, zakale ndi zatsopano, zauzimu ndi zakudziko, mpaka ikane yokha." Ndinamthokoza, koma ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, pakuti ndinazindikira kuti mphwangayo akadafuna mulu wotere sakadavutitsa nkhalamba, popeza YouTube ali nayo m'thumba, ndi kuti munthu wopatsidwa nyimbo zikwizikwi sangamvere ngakhale imodzi kufika kumapeto ake. Si paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada?

Madzulo ake ndinasolola sutikesi ya pansi pa bedi, ndipo pakati pa makalata akale ndi zithunzi zofwifwa ndinapeza chimene ndinkachifuna: kaseti ya TDK ya mphindi 90, imene malemu achimwene anandijambulira m'chaka cha 1988, pamene ndinali kunyamuka kukayamba ntchito yauphunzitsi kusukulu ina yakutali, kumene basi inkafika kawiri pa sabata, ndipo m'dzinja sinkafika konse. Pachikuto pake padakali zolemba zawo za inki yabuluu, mayina a oimba atandandalikidwa m'mizere iwiri, ndipo pansi penipeni, m'timalemba tating'ono, pali mawu awiri akuti, "Mario sinakwane."

Ana a lero, amene sanagwirepo kaseti, ayenera kuuzidwa chifukwa chake nyimbo inkalephera kukwana. Kabokosi kameneka anakapanga a kampani ya Philips, amene anakaonetsa koyamba ku Berlin m'chaka cha 1963. Ndipo Lou Ottens, mmisiri wa ku Netherlands amene anatsogolera ntchitoyo, ndi amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94, anayamba wasemetsa kamtengo kokwana m'thumba la jekete yake, nalamula kuti makina oimbira kasetiyo asapose kamtengoko. Kuchepa kumeneku ndiko kunabala mwambo wonse umene ndikuukumbukawu, pakuti kaseti ya C60 inkanyamula mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 mphindi 45, ndipo lamba akatha, watha, ngakhale woimba ali pakati pa mawu. Motero wojambula ankakhala ngati Nowa pakhomo la chingalawa: zofuna kulowa zambirimbiri, malo ochepa, ndipo iliyonse yolowa inkatsekera inzake kunja. Achimwene ankaikonda kwambiri Mario ya Franco wa ku Zaire, yotuluka mu 1985, koma popeza nyimboyo imapitirira mphindi khumi, ikadadya malo a nyimbo zitatu zakwathu. Anaisiya, nalemba mawu awiri aja ngati munthu wopepesa mlendo amene wamubweza pakhomo.

Ntchitoyo inawatengera milungu itatu. Nyimbo zina ankazisaka pa wailesi ya MBC, imene masiku amenewo inali yokha m'dziko muno, atakhala pampando chala chili pabatani, akudikira pologalamu ya Nyimbo za M'maboma kapena Zokonda Amayi, monga mlenje adikira nyama padziwe. Ndipo muulutsi akalankhula nyimbo itayamba kale, monga ankachitira kawirikawiri popereka moni kwa anthu a kwa Jali ndi a ku Ntaja, achimwene ankapukusa mutu, nabweza lamba, nadikiranso sabata ina. Zina ankazitenga m'makaseti obwereka; koma popeza wailesi yathu inali ya khomo limodzi, ankabwerekanso wailesi ya aneba, naziyang'anitsa ziwirizo pamphasa, ina ikuimba ina ikumvera. Pamenepo nyumba yonse inkalamulidwa kukhala chete: ana ankathamangitsidwira kuseri, nkhuku zinkapirikitsidwa, ndipo wogwidwa ndi chifuwa ankathawira kukhitchini. Pobweza lamba sankagwiritsa ntchito wailesi, kuopa kutha mabatire, amene tinkawayanika padzuwa kuti abwererenso mphamvu. Ankalowetsa bolopeni ya Bic pabowo la kaseti naizunguza m'mwamba. Atamaliza zonse anathyola timano tiwiri ta pamwamba pake, kuti wina asadzajambulepo zake mwangozi. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo achimwene anali munthu wodekha.

Tsono chimene sindinachizindikire ndili mnyamata, koma ndachiona sabata ino pomvetseranso, nchakuti kasetiyo inali kalata, yolembedwa ndi munthu amene pakamwa pake panali polemera, amene m'moyo wake wonse sananene kwa ine mawu achikondi ngakhale amodzi. Mbali yoyamba anaitsegula ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anali atamwalira chaka chapitacho, uja ankaimba gitala ndi kalimba wapakamwa nthawi imodzi. Kenaka Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, nyimbo zodzutsa munthu m'mawa ndi kumuiwalitsa kuti ali yekha kuchilendo. Pakati pake anaikapo simanjemanje ya Mahlathini ndi Mahotella Queens, ndipo nyimbo imeneyi inkaimira bambo athu, amene anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi galamafoni ndi mbale zake, natiphunzitsa kuvina pabwalo Loweruka madzulo. Munthu akatembenuza kaseti, mbali yachiwiri inkatsika pang'onopang'ono ngati dzuwa la masika: Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja, ndi banjo yake ndi mawu ake olasa mtima, Giddes Chalamanda, amene palibe mwa ife akadalota kuti adzatchuka padziko lonse pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90, Alleluya Band ya ku Balaka, kundikumbutsa kuti Lamulungu lisandipeze ndili pamphasa, ndipo potsiriza Jim Reeves, amene mayi ankati mawu ake amagoneka ndi mwana wodwala malungo yemwe.

Ndisabise pano kuti mwambo wathuwu unali ndi mlandu wake. Oimba amene tinkawajambula chonchi sanalandire ngakhale tambala kuchokera kwa ife, ndipo Namoko, amene nyimbo zake zinali m'nyumba iliyonse, anatsikira kumanda mu 1995 wopanda chuma choyenera dzina lake. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za oimba ndi olemba, linakhazikitsidwa mu 1992, ife titazolowera kale kukolola pamene sitinafese. Komabe ndinena kuti pali kusiyana pakati pa wojambula makaseti mazana kuti akagulitse pamsika ndi wojambula imodzi kuti apatse mphwake. Ndipo ine, chifukwa cha kaseti imeneyi, ndinagula pambuyo pake makaseti enieni ambiri kusitolo ya O.G. Issa, a oimba amene sindikadawadziwa achimwene akadapanda kundilawitsa.

Koma pali chinthu china m'kasetimo chimene wojambula sanachifune. Pakati pa Namoko ndi Chalamanda, pamene wailesi imodzi inali itatonthola ndipo inzake idakamvetsera, pakumveka chitseko chikulira, ndi mawu a mayi akuti, "Kodi inu, nsimayi izizire chifukwa cha mawailesi anuwo?" Kenaka pakumveka achimwene akuti "Shhh," ndi mayi akuseka chapansipansi, mapazi awo akubwerera kukhitchini. Ndikukumbukira kuti achimwene anakwiya nazo, nafuna kufufuta, koma nthawi inali itatha ndipo wailesi ya aneba inafunika kubwezedwa. Mayi anatisiya mu 1993, achimwene anawatsatira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo padziko lonse lapansi palibenso malo ena pamene mawu a awiriwa anatsalira. Lamba anadukapo kawiri, wailesi itamtafuna, ndipo kawiri konseko ndinamlumikiza ndi kyutekisi wa mkazi wanga, manja akunjenjemera.

Nditalingalira zonsezi ndinatsimikiza mtima kuti mphwanga, amene lero akuponda njira imene agogo ake anaponda, sindimsankhira zanga ayi. Ndimpatsa zimene ndinapatsidwa, m'ndondomeko yake yomweyo. Ndinabwereka wailesi ya kaseti kwa mkulu wina wa kumpingo kwathu, pakuti yanga inafa kalekale. Ndinapukuta mutu wake ndi thonje lonyowetsa mu sipiliti, ndinatsamiritsa foni pachikho patsogolo pa sipika, ndipo ndinalamula zidzukulu kuti zikasewerere kuseri. Ndinakhala pamenepo mphindi 90 zathunthu, osatsokomola, osasuntha mpando, ndipo ndinaona kuti m'zaka zaposachedwapa sindinakhalepo chete nthawi yaitali chotero chifukwa cha munthu wina. Ndinatumiza zidutswa ziwiri, mbali yoyamba ndi yachiwiri, ndi chithunzi cha chikuto chija, ndi pempho limodzi lokha: kuti asalumphe nyimbo, ngakhale yomutopetsa, ndi kuti pakati pa mbali ziwirizo aimirire pang'ono, monga tinkachitira ife potembenuza.

Yankho linafika Lachitatu usiku. Za Kachamba ndi za Namoko sananenepo kanthu, ndipo Jim Reeves anati ndi nyimbo ya pamaliro. Anafunsa zinthu zitatu: kuti Mario ndani, kuti mayi wa nsima uja ndani, ndiponso kuti kodi mwana amene akumveka chakumapeto kwa mbali yachiwiri, akunong'oneza kuti "Agogo, mwamaliza?", ndi wa mu 1988 kapena wa sabata ino.