Bradman kapena Tendulkar: kodi manambala paokha ndi umboni?

Aphunzitsi anzanga, mukapatsa ophunzira chimangirizo choyerekeza zinthu ziwiri, ambiri amaganiza kuti akatchula nambala ndiye kuti mlandu watha. Ine ndikuti nambala yosafotokoza nyengo yake ndi umboni wopereŵera. Mkangano wa okonda kiriketi, wofuna kupeza katswiri womenya mpira woposa onse, ukutionetsa zimenezi.

Don Bradman wa ku Australia anasewera masewero a Test 52 kuyambira 1928 mpaka 1948, ndipo avareji yake inali 99.94. Sachin Tendulkar wa ku India anasewera 200 kuyambira 1989 mpaka 2013, avareji yake 53.78. Kodi tinene kuti Tendulkar anali theka chabe la Bradman?

Taonani zimene manambalawa sakunena. Bradman ankamenya mpira wopanda chipewa choteteza mutu, pa mabwalo amene sankaphimbidwa mvula ikamagwa. Komanso masewero ake onse a Test anachitikira m'maiko awiri okha, Australia ndi England, ndipo 37 mwa iwo ankalimbana ndi England. Tendulkar anali ndi zodzitetezera zabwino, koma anayenda m'maiko ambiri, kukumana ndi oponya mpira amene anali atamufufuza kale pa vidiyo. Nanga Graeme Pollock wa ku South Africa? Avareji yake inali 60.97, koma anasewera masewero 23 okha chifukwa dziko lake linaletsedwa kupikisana ndi maiko ena kuyambira 1970 kaamba ka tsankho.

Ena amati ndiye tisayerekeze n'komwe. Ine sindivomereza. Funso labwino ndi lakuti: munthuyu anawasiya patali bwanji anzake a nthawi yake? Wally Hammond wa ku England, katswiri wa nthawi ya Bradman, avareji yake inali 58.45. Apa ukulu wa Bradman ukuoneka popanda kunyoza wina.

Choncho pochonga, musapereke malikisi onse kwa wophunzira amene wangolemba kuti "uyu amaposa uyu". Afotokoze kuti akuposa pa chiyani, liti, ndiponso zinthu zili bwanji.

Muyezo womwewo utikhudze ifenso tikamadandaula kuti ana a masiku ano salemba bwino ngati akale. Ku Malawi, maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, m'makalasi munadzaza ana amene kale sakanalowamo. Akale amene timawatamawo anali ochepa amene makolo awo ankakwanitsa fizi. Musanagamule, funsani kuti mwana aliyense anaphunzira m'kalasi la anthu angati, ndi mabuku angati, ndiponso m'chiyankhulo chiti.