Osatiuza cabe kuti ni "natural", tiuzeni kumene munakumba

Liwu limene likugulitsa mankhwala kwambiri mu Lusaka masiku ano ni lakuti "natural". Pa Facebook, pa WhatsApp, ngakhale m'minibasi, munthu anyamula botolo la madzi a makungwa n'kukamba kuti, "Ici cilibe makemikolo, n'cacilengedwe." Ine nikukana. Mtovu nawonso ni wacilengedwe, koma palibe amene angaupatse mwana wake pa supuni.

Tengani citsanzo ca mitengo ya mangrove. Imamera m'matope a madzi amcere kumene mitsinje imathirira m'nyanja yaikulu, monga kumene Zambezi wathu amathera ku Mozambique, kapena ku Rufiji ku Tanzania. Anthu a m'magombe a kum'mawa kwa Africa ndi ku India akhala akuseŵenzetsa makungwa ndi masamba a Rhizophora mucronata ndi Avicennia marina pocilitsa kutsegula m'mimba, zilonda ndi matenda a pakhungu. Sanali opusa. Makungwa amenewa ali ndi tannin wambiri amene amamanga m'mimba, ndipo m'masamba muli ayironi, zinki ndi kopa, zimene thupi limafuna pang'ono.

Vuto lili m'matope. Matope a mangrove ali monga sefa: zonyansa zimene mtsinje wanyamula kucokera ku migodi, mafakitale ndi ngalande za m'tauni zimakhazikika mmenemo. Mizu imakoka mtovu, cadmium ndi arsenic pamodzi ndi zabwino zija. Zambiri zimatsalira m'mizu, zina zimakwera mpaka ku makungwa ndi masamba. Mtengo wa ku gombe loyera ndi wa pafupi ndi doko ali ndi dzina limodzi, amaoneka cimodzimodzi, koma zam'kati n'zosiyana. Maso sangakuuzeni, lilime silingakuuzeni.

"Tizaŵiritsa," ena amatero. Moto umapha tuzilombo, koma suphetsa citsulo. Madzi akaphwera mumphika, poizoni amatsala mmenemo. Bungwe la WHO limakamba kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ulibe vuto. Umawononga ubongo wa mwana, ndipo mwa mayi wapakati umafika kwa khanda. Cadmium amaunjikana mu impso kwa zaka makumi. Ngakhale kopa akacuruka amavulaza ciŵindi.

Ena amati, "Agogo athu anali kumwa mizu, anafika zaka 90." Zoona, koma agogo anali kudziŵa citsamba cimene anakumba, ndipo nthaka yawo si iyi ya lelo. Ise kuno tilibe mangrove, koma tili ndi Kabwe. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana a ku Kasanda ndi Makululu akali kupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi. Muzu wokumbidwa m'dothi lotero mungaumwe cifukwa cakuti ni "natural"?

Sinikunyoza mankhwala a makolo. Nikunyoza malonda obisa cocokera. Wogulitsa aliyense ayankhe mafunso atatu: munakumba kuti, anapima ndani ku labu, ndipo kodi ZAMRA inaulembetsa? Akakwiya m'malo moyankha, bwezani ndalama m'thumba. Wogulitsayo maŵa adzakwera basi ina, koma impso ndinu mudzatsala nazo.